Foni yanga yakalamba pa miyezi 5 yokha: kodi ndigulitse?

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chilomoni. M'mwezi wa Malichi ndinagula foni ya Android mu Limbe, nditasunga ndalama kwa nthawi yaitali, ndipo wogulitsa anandiuza kuti ndiyo yangofika kumene. Mu Ogasiti ndinadutsa pa shopu yomweyo n'kupeza ina ya kampani yomweyo koma ya nambala yotsogola, yanga ija itatsika mtengo. Alamu anga ali ndi iPhone ndipo amandiseka. Akuti kampani yeniyeni imatulutsa foni kamodzi pachaka, izi zotulutsa mafoni ngati mandasi ndi chizindikiro chakuti zinthu zake n'zosalimba. Kodi akunena zoona? Ndigulitse yangayi ndisanaluze kwambiri?

Yankho: Aphunzitsi, musagulitse. Ndayambira pamenepa chifukwa ndikudziwa kuti mtima uli m'mwamba, ndipo mawa lomweli mukhoza kukwera minibasi n'kukaitaya pamtengo wolira kwa anyamata a m'makonde a mu Limbe. Tsiku limene inzake ija inafika pa shelefu, m'foni yanu simunasinthe kalikonse. Batire ndi lomwe lija, kamera ndi yomwe ija. Chimene chakalamba ndi nambala yolembedwa pa katoni.

Alamu anuwo akhudzadi choona, koma achigwira kumchira. Ine ndakhala pa tebulo lokonzera mafoni kwa zaka zoposa 10, ndipo ndisanayambe kukonza ndinkapikula mafoni n'kumagulitsa. Mafoni a makampani otulutsa kamodzi pachaka ndi a makampani otulutsa pafupipafupi, onse ndawatsegula kumsana. Kalendala imene kampani imatsatira imakuuzani mmene kampaniyo imapezera ndalama zake. Za kulimba kwa foni zimaoneka kwina, ndipo tifikako.

Tiyambe ndi Apple, poti ndiyo ikunyaditsa alamu anu. iPhone yoyamba inatuluka mu 2007, ndipo kuyambira 2012 mwambo wake ndi wolengeza mafoni atsopano mu Seputembala. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unasokoneza zinthu, iPhone 12 n'kuchedwa mpaka Okutobala, koma chaka chotsatira anabwerera pa mwezi wawo. Komatu kamodzi pachaka sikutanthauza foni imodzi. Zaka zaposachedwapa pa ulendo umodzi pamatuluka mafoni 4, osiyana kukula ndi mtengo. Nthawi zina chakumayambiriro kwa chaka amaponyapo ina yotchipirako: iPhone SE inatuluka mu 2016, 2020 ndi 2022, kenako iPhone 16e mu Febuluwale 2025.

Nanga kasitomala wa thumba lopepuka amamugulitsa chiyani? Amamugulitsa foni ya chaka chatha. Yatsopano ikatuluka, yakale siichoka yonse m'shopu, imangotsika mtengo. Ndiye kuti makwerero a mitengo a Apple amamangidwa ndi zaka: wa ndalama zambiri atenga ya chaka chino, wotsatira atenga ya chaka chatha, wina ya dzana. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa makampani enawo nawonso amamanga makwerero, kungoti njerwa zawo ndi maina.

Apple imakwanitsa kuchita zimenezi chifukwa zinthu ziwiri zikuluzikulu za m'foni zili m'manja mwake. Purosesa, umene uli ubongo wa foni, imadzikonzera yokha mapulani ake n'kukapangitsa ku kampani ya TSMC ya ku Taiwan. Pulogalamu yoyendetsa foni, iOS, ndi yakenso. Siidikira munthu. Phindu limene imapeza pa foni imodzi ndi lalikulu kwambiri, moti ngakhale kuti pa chiwerengero cha mafoni onse ogulitsidwa pa dziko lapansi a Android ndiwo ambiri, gawo lalikulu la phindu la malonda amenewa limapita ku Apple. Seputembala nayenso sanasankhidwe mwangozi. Ndi mwezi wopatsa mpata kuti katundu adzaze m'mashopu a ku America ndi ku Ulaya nyengo ya Khirisimasi isanafike. Kumeneko anthu ambiri salipira foni yonse pakamodzi, amadulidwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kudzera ku kampani ya netiweki.

Palinso china chimene anthu sachiona. Munthu akagula iPhone, Apple imapitiriza kudya naye: pa ma app amene amagula, pa malo osungira zithunzi a iCloud, pa nyimbo. Choncho foni yakale ikakhalabe ndi moyo, ngakhale itadutsa m'manja mwa anthu atatu n'kudzathera ku Zingwangwa, kampaniyo siluza. N'chifukwa chake iPhone 6s ya mu 2015 inalandirabe iOS 15 mu 2021. Si chifundo ayi, ndi bizinesi imene inagwirizana ndi zofuna za kasitomala.

Tsopano bwerani mu Limbe. Mafoni ambiri amene mumaona m'mashelefu, Tecno, Itel ndi Infinix, ndi ana a bambo mmodzi: kampani ya Transsion ya mumzinda wa Shenzhen ku China. Imeneyi ndiyo imagulitsa mafoni ambiri kuposa ina iliyonse mu Africa muno. Inakula pogwira zinthu zimene makampani otchuka ankaziona ngati zazing'ono: malo awiri a simukhadi (munthu wa kuno amene amayenda ndi Airtel ndi TNM safunika kumufotokozera ubwino wake), batire lopirira magetsi akathima tsiku lonse, ndi kamera yojambula bwino khungu lakuda. Mu 2011 inatsegula fakitale ku Ethiopia, ndipo ili ndi nthambi yake yokonza mafoni yotchedwa Carlcare m'maiko ambiri a mu Africa.

Kasitomala wa Transsion ndi inu ndi ine. Timagula ndi ndalama ya m'manja, pakamodzi, ndipo kusiyana kwa ndalama yochepa chabe kumasintha foni imene tituluke nayo m'shopu. Kampani yotere siingaike foni imodzi pa shelefu n'kukhala pansi. Imachita ngati mayi wa mumsika wa Ndirande amene amagawa thumba la ufa m'timapaketi, aliyense apeze kolingana ndi zimene wagwira m'manja. Tecno yokha ili ndi mizere ya Pop, Spark, Pova, Camon ndi Phantom. Infinix ili ndi Smart, Hot, Note ndi Zero. Mu mzere uliwonse mumatulukanso ya Pro, ya 5G, ya memory yochepa, ya memory yambiri. Xiaomi nayo ili ndi Redmi ndi Poco pambali pa dzina lake lenileni.

Mukatsatira mzere umodzi wokha, mudzadabwa kuona kuti wambiri umayenda pafupifupi pachakanso. Camon 20 inatuluka mu 2023, Camon 30 mu 2024, Camon 40 mu 2025. Mizere yotchipa ndiyo imafulumirako nthawi zina: Spark 10 ndi Spark 20 zonse zinalengezedwa mu 2023, ina kumayambiriro, ina kumapeto. Chimene chimatizunguza mutu n'chakuti mizere yonseyi ili ndi makalendala osiyana, ndiye mwezi uliwonse pa shelefu pamaoneka katoni yachilendo.

Pa nkhani yanuyi pali chinanso cha kwathu konkuno. Wogulitsa uja atanena kuti yangofika kumene, mwina sananame. Inali itangofika mu Limbe. Koma foni ikalengezedwa ku China kapena ku Nigeria, kuti idzafike kuno imadutsa ku Dubai, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, ndipo woodayo amayamba wasaka madola, amene masiku ano kuwapeza ndi ntchito pa yokha. Miyezi imatha. Ndiye foni imene inu munaiona yatsopano mu Malichi ikhoza kukhala kuti ku fakitale inali itakwanitsa kale theka la chaka, mng'ono wake ali m'njira. Miyezi 5 imene mukuwerengayo ndi ya pa shelefu ya ku Blantyre.

Tsopano tiyeni titsegule kumsana, chifukwa apa m'pamene ndimafuna makasitomala anga atamaona ndi maso awo. Makampani a mafoni otchipa sapanga okha purosesa. Amagula kwa MediaTek ya ku Taiwan, Unisoc ya ku China kapena Qualcomm ya ku America. Sikirini amagula kwa ena, kamera kwa ena, Android imachokera ku Google. Ena mwa mafoniwa, kuphatikizapo ena otchipa a Samsung ndi Xiaomi, amakonzedwa ndi kumangidwa ndi makampani amene maina awo simudzawaona pa katoni, monga Huaqin ndi Longcheer. Zipangizo zimenezi sizisintha mwezi ndi mwezi. Zimasintha pang'onopang'ono, ndipo kunsi kuno kwa mafoni otchipa zimachedwa kwambiri.

Chitsanzo chimene ndimakonda ndi purosesa ya MediaTek yotchedwa Helio G85. Inatuluka mu 2020, ndipo inali mu Redmi Note 9 ya chaka chomwecho. Pitani kumapeto kwa 2023. Redmi 13C ili ndi Helio G85. Samsung Galaxy A05 ili ndi Helio G85. Tecno Spark 20 ili ndi Helio G85. Makampani atatu osiyana, makatoni osiyana, zikwangwani zosiyana m'mbali mwa msewu, koma ubongo ndi umodzi, wa zaka zitatu zapitazo. Munthu amene anagulitsa Redmi Note 9 yake motchipa kuti agule imodzi mwa atsopanowa, pa liwiro la foni sanasunthe ngakhale phazi limodzi. Xiaomi inafika pogulitsa foni imodzi ndi maina atatu mu 2021: ku China inali Redmi K40, ku Ulaya Poco F3, ku India Mi 11X. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine sindikunena kuti m'mafoniwa muli nyerere, ambiri amagwira ntchito bwinobwino, koma kukoma kwa kunja kwa katoni sikunena za m'kati.

Ndiye n'chifukwa chiyani amasintha dzina ngati m'kati ndi momwemo? Pena amasinthadi kanthu: kamera yokwererako, sikirini yosalala poyendetsa chala, kutchaja kofulumira, maonekedwe a kumsana otengera foni yodula imene yatchuka chaka chimenecho. Koma ntchito yaikulu ya dzina latsopano ndi ya mtengo. Foni ikakhala pa msika miyezi ingapo, amalonda amayamba kupikisana poitsitsa, phindu limene linali lochepa kale n'kutheratu. Kukweza mtengo wa foni imene anthu akuidziwa kale n'kovuta, aliyense akuuzani kuti mwezi watha inali pakuti. Kutulutsa nambala yatsopano kumafufuta mbiri imeneyo, mtengo n'kuyambiranso pamwamba. Komanso shelefu ya m'shopu ili ndi malire. Kampani imene ili ndi mafoni 12 osiyana imadzaza galasi lonse, mnzake wa mafoni atatu n'kupanikizidwira pakona. Kasitomala akamayerekeza Tecno ndi Infinix amaona ngati akusankha pakati pa adani awiri, chonsecho ndalama ikupita m'thumba limodzi.

Samsung imayenda njira zonse ziwiri. Galaxy S, imene inayamba mu 2010, imatuluka kamodzi pachaka, masiku ano mu Januwale kapena Febuluwale. Mafoni ake opindika amatuluka chapakati pa chaka, cha mu Julayi kapena Ogasiti. Koma a Galaxy A, amene ndiwo timawaona kwambiri kuno, amabwera m'magulumagulu chaka chonse. Izi zokha zikukwanira kuwayankha alamu anu: kampani imodzi, makalendala awiri. Chimasiyanitsa ndi kasitomala amene ikumufuna.

Pali makampani amene anayesa kutulutsa foni yawo yapamwamba kawiri pachaka. Sony inatulutsa Xperia Z kumayambiriro kwa 2013, Z1 mu Seputembala chaka chomwecho, Z2 kumayambiriro kwa 2014, Z3 mu Seputembala 2014. OnePlus inatulutsa OnePlus 3 mu Juni 2016, 3T mu Novembala, ndipo inabwereza zomwezo ndi 5 ndi 5T mu 2017. Anthu amene analipira ndalama zambiri anamva kuwawa komwe mukumva inuku, ndipo kwa foni yodula kuwawako kumakhala kwakukulu chifukwa munthu amagulanso ulemu wokhala ndi yapamwamba. Sony inadzasiya kuthamanga kumeneko. HTC, itadzaza msika ndi mafoni ambirimbiri, inalengeza mu 2012 kuti ichepetsa. Samsung nayo kumapeto kwa 2014, phindu litatsika, inauza eni masheya kuti idula chiwerengero cha mitundu ya mafoni ake ndi pafupifupi 25 mpaka 30 peresenti. Apa ndiye alamu anu ali ndi poimira: kuchulutsa mitundu kuli ndi mtengo wake, ndipo makampani enieniwo anavomereza.

Koma zakuti ya kamodzi pachaka ndiyo yolimba, ayi. Galaxy Note 7 inali foni yodula, ya mzere wotuluka kamodzi pachaka. Inatuluka mu Ogasiti 2016, mabatire ake n'kuyamba kuyaka, ndipo pofika Okutobala Samsung inali itaisiyiratu, makampani a ndege ataletsa kukwera nayo. Apple inavomera mu Disembala 2017 kuti inkachepetsa liwiro la ma iPhone amene mabatire awo atopa, ndipo mu 2020 dziko la France linailipiritsa chindapusa cha ma euro 25 miliyoni chifukwa chosawauza makasitomala. Ndipo mwambo wa Seputembala nawo ndi chikwapu: mwezi ukakwana foni iyenera kutuluka, kaya pali chachilendo kaya palibe. Zaka za iPhone 4S, 5s ndi 6s maonekedwe a kunja ankakhala pafupifupi omwe aja a chaka chatha. Pa tebulo langa, foni yogwera m'chitsime kapena pansi pa tayala la kabaza siifunsa kuti inabadwa mwezi wanji.

Pamene kutulutsa pafupipafupi kumalumadi ndi patsogolo, foni ikakhala kale m'thumba mwanu. Poyamba ndi pa ma update. Mtundu uliwonse wa foni umafuna akatswiri oti azikonzera pulogalamu yake, kuiyesa, n'kuitumiza. Kampani ya mitundu 5 ikhoza kuisamala yonse kwa zaka zambiri. Kampani ya mitundu yochuluka chaka chilichonse, pa phindu lochepa, imasamala yatsopano n'kuiwala yakale. Mafoni ambiri otchipa a Android amalandira Android yatsopano kamodzi, ena osalandirako n'komwe, ndipo ma update a chitetezo amatha patapita zaka ziwiri kapena kuchepera apo. Foniyo siifa tsiku limenelo. Imayaka, imaimba, WhatsApp imagwira. Google imathandizako chifukwa zina mwa zigawo za Android imazikonza yokha kudzera pa Play Store. Koma mipata imene mbava za pa intaneti zatulukira imakhala yosatseka, ndipo foni yomweyo ndi imene muli Mpamba, Airtel Money ndi app ya banki imene malipiro anu amafikira. Pakapita nthawi ma app nawo amayamba kukana. WhatsApp inasiya mafoni a Android yotsika kuposa 5.0 mu Okutobala 2023, ndipo mu 2025 inasiya iPhone 5s ndi iPhone 6. Onani kuti mafoni amenewo anali atatha zaka pafupifupi 10 kapena kuposerapo. Yanuyo ili kutali kwambiri ndi tsiku limenelo.

Kwina kumene kumaluma ndi pa zipangizo zosinthira, ndipo apa ndilankhula monga wokonza. Sikirini ya mtundu wina siilowa pa wina, ngakhale maina atasiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Amene amatioderako zipangizo sangasunge masikirini a mitundu yonse, mpamba wake sungalole, ndiye amasunga a mafoni amene anagulidwa kwambiri. Foni imene inadzaza tauni, masikirini ake, mabatire ake ndi polowera tchaja zimapezeka zaka zitatu kapena zinayi, ndipo pena timachotsa pa inzake yakufa. Foni imene inabwera makatoni ochepa n'kulowedwa m'malo msanga imasanduka mwana wamasiye. Mwini wake amadikira masabata kuti wina amubweretsere sikirini kuchokera kunja, mtengo wake n'kufika pomuganizitsa zongogula ina. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani imeneyi foni yotchipa yotchuka imaposa foni yodula yosowa. Ndimaona anthu atanyamula mafoni okongola amene achibale anawatumizira kuchokera ku Ulaya, a makampani amene kuno sagulitsidwa, akuzungulira Limbe yense mpaka ku Blantyre m'tauni osapeza ngakhale kava.

Amene amalumidwa kwambiri ndi amalonda ang'onoang'ono. Chaka china ndinapikula mafoni 30 a mtundu umene unkayenda malonda kwambiri. Ndisanagulitse theka, mng'ono wake anafika kwa amashopu akuluakulu pamtengo pafupifupi womwewo. Kasitomala aliyense wolowa ankafunsa nambala yatsopanoyo, ngakhale ndimuonetse kuti m'kati ndi chimodzimodzi. Otsalawo ndinagulitsa mongobweza mpamba, ena pansi pa mpamba. Chaka chimenecho ndi chimene ndinagula zida zokonzera n'kukhala pa tebulo. Ndiye mukaona wogulitsa akukukakamizani foni inayake ndi mawu okoma, nthawi zina n'chifukwa chakuti iye wamva kale kuti ina ili pa Mwanza.

Ndisakhale ngati ndikunyoza njira imeneyi, chifukwa popanda iyo anthu ambiri a ku Bangwe, Mbayani ndi Chirimba bwenzi alibe foni ya intaneti. Mpikisano wa makampani otulutsa pafupipafupi ndi umene unatsitsira kwa ife batire la 5000 mAh, sikirini yaikulu, 4G ndi kutchaja kofulumira pamtengo wofikirika. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya chilichonse chochokera kunja inalumpha. Kampani yokhala ndi makwerero ambiri inali ndi poti kasitomala atsikire: amene ankafuna ya pakati anatenga yotsikirapo, koma anapita kunyumba ndi foni yatsopano ya waranti. Apple ilibe sitolo yakeyake ngakhale imodzi mu Africa yense, amagulitsa ndi makampani ena ovomerezedwa ndi amalonda wamba. Ma iPhone ambiri amene ali mu Blantyre muno anafika ngati kaunjika.

Poti ndatchula kaunjika, ndikuchenjezeni, mwina alamu anu akukokerani kumeneko. iPhone yogwiritsidwapo kale ntchito imasungadi mtengo kuposa Android yotchipa, ndipo pa zimenezo kutuluka kamodzi pachaka kumathandiza, chifukwa mitundu ndi yochepa ndipo aliyense amadziwa kuti 12 ndi chiyani, 13 ndi chiyani. Koma ili ndi misampha yake. Ikakhala yomangidwa pa iCloud ya mwini wake wakale, palibe wokonza woona mtima amene angaimasule. Ma iPhone ogulitsidwa ku America kuyambira pa iPhone 14 alibe polowetsa simukhadi, amagwiritsa ntchito eSIM yokha, simukhadi yomangidwira m'kati mwa foni. Batire lake limakhala litatopa kale, ndipo mukasintha sikirini kapena batire ndi zosakhala za Apple foniyo imalemba uthenga wodandaula. Ndalama imene mungapeze pogulitsa yanuyo ingakugulireni iPhone ya zaka zambiri, imene ma update ake ali pafupi kutha. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Zinthu zikusintha ndithu, ndipo zikusinthira kwabwino. Mu Okutobala 2023 Google inalonjeza ma update a zaka 7 pa Pixel 8. Samsung inatsatira mu Januwale 2024 ndi Galaxy S24, zaka 7, ndipo chofunika kwambiri kwa ife, kumapeto kwa chaka chomwecho inalonjeza zaka 6 pa Galaxy A16, imene ndi foni ya anthu wamba. Bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 20 Juni 2025: foni yogulitsidwa kumeneko iyenera kulandira ma update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene yasiya kugulitsidwa, ndipo zipangizo zosinthira zizipezeka kwa zaka 7. Bungwe lomweli ndi limene linakakamiza tchaja ya USB-C, Apple n'kusintha pa iPhone 15 mu 2023. Lamuloli silimanga mafoni opangidwira msika wa Africa okha. Komabe kampani ikakakamizidwa kusamala mtundu uliwonse kwa zaka zambiri chonchi, imayamba kuganiza kawiri isanatulutse mitundu yosawerengeka, ndipo mafoni amene amagulitsidwa kuno ndi ku Ulaya komwe amapindula nawo.

Tibwerere kwa inu, aphunzitsi. Mukagulitsa lero muluza kawiri. Ogula mafoni akale adzakudulani chifukwa yatsegulidwa, n'kukudulaninso chifukwa mng'ono wake wafika. Kenako muwonjezere ndalama kuti mugule yatsopanoyo, imene mwina ili ndi purosesa yomweyo, ndipo nayo ikatha miyezi ingapo idzapeza mng'ono wake pa shelefu. M'dziko limene kwacha imachepa mphamvu, foni imene muli nayo kale m'manja ndi katundu amene munagula pamtengo wa dzulo.

Chitani izi. Lowani mu Settings, pitani pa About phone, muone dzina la purosesa ndi kukula kwa RAM (memory imene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa ma app), ndipo ngati purosesa sinalembedwe pamenepo yang'anani pa katoni. Kenako mukadutsanso pa shopu ija, pemphani katoni ya yatsopanoyo muwerenge zomwezo. Ndikhoza kubetcha kuti mutuluka mtima uli pansi. Mu Settings momwemo muone deti la update ya chitetezo yomaliza. Ngati ndi ya miyezi yaposachedwa, kampani ikukukumbukiranibe, ndipo ikabwera ina musaikane poopa bandulo. Ikadzafika nthawi yakuti ma update asiya kubwera, foniyo mukhoza kupitiriza nayo, koma muzisamala kwambiri ndi ma app ochokera kunja kwa Play Store ndi maulalo achilendo amene anthu amatumiza m'magulu a WhatsApp.

Tsiku limene mudzafune kugula ina, zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazi, musadzayambire ku shopu. Dzayambireni kwa wokonza. Mufunseni kuti ndi mafoni ati amene masikirini awo ali nawo m'kabati, ndi pamtengo wanji. Mufunse wogulitsa kuti kampani yalonjeza ma update a zaka zingati pa mtundu umenewo, ndipo akayamba kuyankha za kamera, dziwani kuti sakudziwa. Kawirikawiri foni yabwino kugula ndi imene ili pamalo pamene yanu ili lero: yotchuka, imene mng'ono wake wangofika, mtengo utatsika koma zipangizo zake zili mbwee. Munthu amene akugula yonga yanuyo mwezi uno wachita mwanzeru, ndipo inu mwangomutsogolera ndi miyezi 5 imene mwakhala mukuigwiritsa ntchito.

Chimodzi chokha fulumirani nacho. Kava ndi galasi lotetezera sikirini gulani ziwiriziwiri tsopano, zikadali zodzaza m'makonde, chifukwa zimenezo ndizo zimayamba kusowa nambala ikasintha. Alamu anuwo akadzakusekaninso, afunseni kuti sikirini ya foni yawo ikasweka amasintha ndi ndalama zingati.